Ndinatsuka Mabuloko a Amalume

Kanali kathabwa kokwana m'chikhatho changa, kakuda bii, kolemera kuposa mmene kankaonekera. Pamwamba pake anakhomerapo mkuwa ndi timisomali tinayi, ndipo pamkuwapo panali chithunzi cha loko, loko wathunthu ndi kabowo kake ka kiyi. Pansi pa lokoyo panali zilembo zotembenuka zimene sukanaziwerenga pokhapokha utazilozetsa pagalasi. Kankanunkha palafini ndi fumbi. Amalume ankakatchula kuti buloko. Iwo ndiwo anandiuza kuti kalekale opanga maloko a kunja ankatumiza timatabwa totere kwa eni masitolo, kuti akafuna kutsatsa malonda m'nyuzipepala, osindikiza angopaka inki pamkuwapo n'kudinda papepala. Mabuloko otere amalume anadzakhala nawo ambiri, koma lakuda lija anachita kubwera nalo kuchokera kumudzi, ndipo linkakhala m'sokosi yakale, m'thumba la jekete yawo.

Ndinali ndi zaka khumi. Tinkakhala ku Madaraka, mu Nairobi, m'nyumba zosanjikizana zija, ife pansi penipeni, amayi ndi ine. Amayi ankagwira ntchito mu ofesi ya bungwe lina la mpingo. Za bambo musandifunse, imeneyo ndi nkhani ina ndipo sindiikonda. Inali nyengo yozizira, chapakati pa zaka za m'ma 1990, miyezi ija imene kumwamba kumangokhala mbuu mlungu wathunthu, zovala osauma pachingwe, m'mawa mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi. Amayi ankati ndi chiperoni chopanda mapiri.

Amalume, mlongo wawo wa amayi, anafika chakumayambiriro kwa chaka chimenecho ndi kachikwama kamodzi. Ine anangondiuza kuti, "Amalume ako anadwala, usamawasokose." Mabodza a akuluakulu! Zoona zake ndinadzazimva nditakula. Amalume ankagwira ntchito yosanja zilembo pamalo ena osindikizira mabuku ku Limbe, ndipo m'nthawi ya chipani chimodzi anatengedwa m'mawa wina chifukwa cha kapepala kamene wina anasindikiza. Anakhala m'ndende zaka zambiri osaonako khoti. Atatuluka, thupi linatuluka ndithu, koma pakamwa panatsala komweko.

Tsiku loyamba anapempha sikuludiraiva, n'kuzula chitseko cha chipinda chawo, kuchitsamiritsa kukhoma. Makiyi akangolira, ngakhale a aneba a pamwamba, ankadzambatuka n'kuima njo, manja m'mbali, maso pansi. Amayi anayamba kukulunga makiyi awo m'kampango kuti asamalire m'chikwama. Mawu a amalume anali awiri basi, "eya" ndi "zikomo". Tsiku lonse ankakhala pampando wa pawindo, atavala jekete ija.

Koma ine ndinkawakonda, ndinene mosabisa. Kale ndikaweruka kusukulu ndinkapeza nyumba ili zii. Tsopano ndinkapezamo munthu. Ankandisongolera mapensulo ndi lezala mpaka kusongoka ngati singano, ankandisendera lalanje khungu lake osaduka. Ndiye tsiku lina ndinamva amayi akuuza mnzawo wa kutchalitchi m'khitchini, motsitsa mawu, kuti, "Akapanda kusintha pofika Khirisimasi ndiwabweza kumudzi. Ndingasiye bwanji mwana wamkazi tsiku lonse ndi munthu wosayankhula?" Kuyambira pamenepo ndinali ndi ntchito imodzi yokha padziko lapansi, yoti amalume ayankhule, asapite.

Sindine ndinawayankhulitsa, ndisaname. Sukulu zitatsekera, amayi anatituma awirife kumsika wa kaunjika kufupi ndi Kibera kukafuna nsapato zanga. Kaunjika kumeneko amati mitumba. Tikudutsa m'matope, pakati pa milu ya majuzi ndi utsi wa chimanga chootcha, amalume anangoima. Panali mzee wina, mkulu wachikulire, atayala chiguduli pansi, pali zinthu zakale zosadziwika mutu wake: mipopi yakutha, masupuni, mawilo a wotchi, ndi timatabwa takuda. Amalume ananjuta, natola kamodzi, nakanunkhiza, nakagogoda padzino. Kenako ndinamva mawu amene sindinawamvepo, okhakhala ngati chitseko cha dzimbiri.

"Ili ndi lenileni. Mtsikana iwe, tawafunsa anazitenga kuti."

Iwo Chiswahili sankachidziwa, ine ndiye chinali m'magazi. Mzee uja anati malo osindikizira akale a m'tauni akutsekedwa chifukwa kwabwera makompyuta, ndipo zinthuzi akungozitaya, ena akusonkhera moto. Amalume anasanthula mulu wonse. Munali zithunzi za njinga, za sopo, za mankhwala a chifuwa, koma iwo anapatula za maloko zokhazokha. Nsapato sitinagule. Tinafika kunyumba ndi mabuloko atatu m'jumbo, ine ndikudumpha ngati mbuzi, ndikukuwa ndisanalowe n'komwe kuti, "Amayi, ayankhula! Ayankhula zambirimbiri!"

Tchuthi chonsecho tinachithera m'misika. Tinkakwera matatu, maminibasi a kumeneko, m'mawa, ine pakamwa pawo, iwo maso anga. Ndipo mbiri itamveka kuti kuli bambo wina wachilendo wofuna timatabwa ta maloko, anyamata ochenjera a jua kali, amisiri a m'mbali mwa msewu aja, anayamba kupanga awoawo. Abale, anthu ali ndi nzeru! Ankatenga thabwa latsopano n'kulipaka polishi wa nsapato, kulikwirira m'dothi masiku angapo, n'kubwera nalo nkhope ili gwa. Apa ndiye amalume ankasangalala zedi. Ankandipatsa ine kuti ndiweruze.

Poyamba kulemera, chifukwa lenileni pansi pa mkuwa pamakhala mtovu. Kenako kutalika, poti mabuloko onse enieni amatalika chimodzimodzi, kuti makina awaponde mofanana. Amalume ankangoliimika pambali pa lakuda lija n'kuyendetsa chala pamwamba. Kenako m'mbali, kufuna zipsera za zitsulo zimene zinkalipana m'makina. Kenako fungo. Polishi sabisika, ndipo palafini wa zaka zambiri sungamunamizire. Tsiku lina mnyamata wina anabwera ndi buloko lokongola kwabasi, zilembo zake zowerengeka bwinobwino popanda galasi. Amalume anaseka mpaka kutsokomola. "Muuze kuti luso ali nalo, koma akadinda limeneli dziko lonse liwerenga chambuyo." Ine ndikamafulumira kugamula, ankati, "Dekha, kuona maso a nkhono n'kudekha." Ndipo ankanena kawirikawiri, akukanda inki youma m'timizere ndi chikhadabo, kuti, "Litsiro ili ndiye mboni yake." Ndinamva ndithu. Sindinganene kuti sanandiuze.

Amayi zimenezi sizinkawakomera. Ndinawamva tsiku lina akuti, "Mwa zinthu zonse za pansi pano, achimwene, maloko? Inuyo?" Amalume anayankha ali chiyang'anire pathebulo, "Awa ndi a papepala, achemwali. Satsekera munthu." Amayi anangopukusa mutu, koma za Khirisimasi sanazitchulenso. Lero ndimadzifunsa ngati munthu angachire pogwiragwira chithunzi cha chinthu chimene chinamupweteka. Chimene ndinaona n'chakuti ankadya, ankameta ndevu, ankandifunsa za kusukulu.

Lakuda lija anandionetsa kumbuyo kwake kamodzi kokha. Kunali mapepala omatidwa, atatu kapena anayi, lina pamwamba pa linzake, ofiirira ndi ukalamba. Anandifotokozera kuti buloko likaperepeseka, wosindikiza amamata mapepala kunsi kuti likwere pang'ono, lifanane ndi zilembo. Ndipo kuntchito kwawo kunali chizolowezi chakuti amene wamata alembepo ndi pensulo, kuti mnzake asavutike kukonzanso. Ndinawerenga mokweza zimene zinalembedwapo, zilembo zopendekera kumanja: "Ndakonza kale. Usagwirenso, mlesi iwe."

Ndinaseka. "Mlesi ndani, amalume?"

"Ndine," anatero, akumwetulira. Anapitiriza kuyang'ana pepalalo nthawi yaitali, kenako n'kubwezera buloko m'sokosi.

Sanandiuze amene analemba. Anali mnzawo wa pabenchi limodzi, amene ankadya naye chinangwa pa nthawi yopuma, amene anakwezedwa naye galimoto imodzi m'mawa uja. Atafika kundende anawalekanitsa, ndipo mnzawoyo sanabwerere. Abale ake sanaonetsedwe manda, ndipo chithunzi chake amalume analibe. Atatuluka anapita kukaona kuntchito kuja, anapeza kutatsekedwa, mlonda akuotha moto wa mabuloko. Anafukula mulu umene unatsala mpaka anapeza limeneli. Padziko lonse, dzanja la munthu uja linatsala pa kapepala kameneko basi. Ine ndinkangoona mawu achipongwe.

Chakumapeto kwa tchuthi tinakumana kumsika ndi aphunzitsi ena, Mkenya wachikulire wa ku Kahawa, chakunja kwa mzindawu, amene asanapume ankaphunzitsa ntchito yosindikiza pasukulu ya zaumisiri. Ankayenda ndi kagalasi kokulitsa zinthu atakamangirira chingwe m'khosi. Anagwira buloko limodzi nthawi imodzi ndi amalume, aliyense osafuna kulisiya, mapeto ake anaseka n'kucheza pa Chingerezi mpaka ine miyendo inatopa. Pobwerera amalume anauza amayi kuti aitana mlendo Loweruka, adzaone mabuloko ndi kunena enieni ndi ati. Amayi anakhala pansi. Atalowa m'khitchini ndinawapeza akupukuta misozi ndi nsalu ya mbale. "Munthu akayamba kuitana alendo ndiye kuti wachira," anatero.

Tsono kwathu kunali lamulo, ndipo mwana aliyense wamkazi wa ku Malawi akulidziwa. Mlendo akamabwera, m'nyumba musapezeke kanthu kothimbirira. Mapoto azing'anima mpaka kunsi, makapu a m'kabati atsukidwe ngakhale sanamwerepo munthu, pansi pakolopedwe kawiri. "Mlendo amayang'ana kumene iwe sukuyang'ana," ankatero amayi. Loweruka lija anandidzutsa m'mamawa, tinakwecha nyumba yonse. Kenako iwo anapita kumsika kukagula nkhuku, akundisiyira mawu akuti, "Ukaona china chilichonse chakuda, usadikire kuti ndichite kukuuza." Amalume anali atayala mabuloko onse pathebulo, pansalu yoyera, m'mizere. Kwa nthawi yoyamba anatulutsa lakuda lija m'sokosi n'kuliika patsogolo pa onse. Anavala jekete, napita pa siteji kukachingamira aphunzitsi.

Ndinatsala ndekha, ine ndi thebulo lija. Pansalu yoyera mabuloko ankaoneka ngati makala. Ndinachita manyazi, manyazi enieni. Ndinaganiza aphunzitsi aja ndi kagalasi kawo akuona litsiro lonselo, akuseka, amalume akubwerera pampando wa pawindo, kenako Khirisimasi. Mawu a amalume onena za mboni anali ndi milungu itatu m'makutu mwanga, pamene a amayi anali ndi zaka khumi. Komanso panali chipongwe chija. Mlendo wolemekezeka atembenuze buloko n'kuwerenga kuti amalume anga ndi mlesi? Ayi, zosatheka, ine ndilipo. Kalanga ine, aphunzitsiwo Chichewa akanachidziwira kuti? Koma mutu wa mwana ukagwira njira subwerera.

Ndinatenga beseni, madzi ofunda, sopo wa ufa ndi kawaya kokwechera mapoto. Ndinayamba ndi lakuda lija poti ndilo linali patsogolo. Ndinaliviika. Madzi anada nthawi yomweyo, fungo la palafini linakwera ndi nthunzi. Ndinakwecha mkuwa ndi mphamvu zanga zonse, lilime lili kunja, mpaka unafiira psuu, loko uja akung'anima ngati watsopano m'sitolo. Kamsomali kamodzi kanazuka n'kugwera m'madzi. Mapepala a kumbuyo anafewa ngati phala, otsalira ndinawapala ndi mpeni wa masamba. Ndinatsuka mabuloko asanu, ndikuimba nyimbo ya Sande sukulu. Nditamva mawu pageti ndinathamanga kukakhuthula beseni m'kangalande ka kuseri kwa nyumba, ndinapukuta asanu aja ndi kuwabwezera pamalo pake. Ndinaima pakhomo manja kumbuyo, mtima uli m'mwamba, kudikira kuyamikiridwa.

Amayi anafika nthawi imodzi ndi alendo. Anapatsana moni, aphunzitsi anakhala, naika kagalasi padiso. Anatola limodzi mwa osatsuka, nagwedeza mutu mokondwa. Kenako anatola lonyezimira, naligwira kanthawi, nalinunkhiza.

"Awa asambitsidwa," anatero pa Chingerezi. "Pepani bambo, koma buloko losamba sindingalilumbirire. Likhoza kukhala la zaka makumi asanu, likhoza kukhala la dzulo."

Amalume anali atanyamula lawo lija. Analitembenuza. Thabwa linali mbee, lonyowa, lili ndi mizere ya mpeni wanga. Anayendetsa chala chachikulu pamenepo kuchokera pamwamba mpaka pansi, kawiri. Amayi anali ataima ndi thireyi ya tiyi. Anandiyang'ana, ine ndinamwetulira.

Palibe anandimenya. Bola akanandimenya! Amalume anathirira mlendo tiyi, anamvetsera zonse zimene aphunzitsi ankanena za mabuloko otsalawo, akungoti "eya", "zikomo". Nkhuku inadyedwa. Anaperekeza mlendo mpaka pa siteji monga mwa ulemu.

Zotsatira zake ndi zachidule. Mawa lake amalume anabwerera pampando wa pawindo. Mlungu usanathe analongedza mabuloko onse m'katoni n'kupempha amayi kuti akawapereke kwa aphunzitsi aja ku Kahawa. Tsiku lina ndikuchokera kusukulu ndinapeza atabwezeretsa chitseko cha chipinda chawo, atadzitsekera mkati. Sanafike Khirisimasi. Mvula ya Novembala ikugwa, amayi anapempha tchuthi kuntchito n'kuwaperekeza kumudzi, ndipo amalume anamwalira kumeneko ine ndili ku sekondale. Nkhani ya mnzawo uja amayi anandiuza patapita zaka, tikulongedza katundu kuti tichoke ku Nairobi. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Si iwe unawadwalitsa, mwanawe. Anawadwalitsa ndi ena." Ndikudziwa, ndipo anthu amenewo ndimadana nawo mpaka lero, Mulungu andikhululukire. Koma pali kanthu kamodzi kamene amayi anamwalira osakadziwa, ndipo kanachitika madzulo a Loweruka lomwelo.

Amalume atabwerako koperekeza mlendo, anandipeza ndikutsuka makapu. Sanakweze mawu. Anangoti, "Mtsikana iwe, madzi aja unataya pati?"

Ndinawatsogolera kuseri. Kangalande kathu kanali ka simenti, kosazama, kothera pa kachitsulo ka mabowo pamene madzi ankalowera pansi. Kunkazizira, ndipo munali thovu la sopo, makoko a anyezi ndi nthenga za nkhuku ija. Amalume anagwada pasimenti yonyowa ndi buluku lawo la kutchalitchi. Anatulutsa kamtengo ka machesi n'kuyamba kutakasa matope pang'onopang'ono, nkhope ili pafupi ndi madzi, akutola tinthu totuwa n'kutiika pachikhatho.

Ine ndinati ndadziwa. Akufuna kamsomali kaja! Ndinasangalala kuti vuto ndi laling'ono chotere, ndipo ndinatsimikiza mtima kuti ndikapeza ndine, maso anga ndi akuthwa. Ndinathamangira kumunsi, pa kachitsulo ka mabowo paja, n'kunjuta. Pamenepo panali patakakamira kachidutswa ka pepala, kakakulu ngati chikhadabo cha chala chachikulu, kofiirira, zilembo zitatu kapena zinayi za pensulo zikuonekabe bwinobwino, zopendekera kumanja. Kankanditchinga kuona pansi. Ndinakakankha ndi chala, kanapindika, kanalowa m'bowo, madzi n'kukatenga.

Ndinasuzumira, koma kamsomali sindinakaone. Ndinatembenuka. Amalume anali chigwadire, akutakasabe ndi kamtengo kawo.

"Musadandaule amalume," ndinatero. "Mawa ndikakupemphererani kena kwa akalipentala."